Mtima Ukauma: Nthenda ya Amiloidi ndi Okalamba Athu a ku Angónia

Munthu wamkulu akayamba kutupa mapazi kuno kumapiri a Angónia, womasulira sasowa pamudzi. Wina amati waponda mankhwala panjira ya kudimba. Wina amanong'ona za mdulo, n'kuyamba kufufuza amene anathira mchere m'ndiwo ali wotentha. Amene anapitako kusukulu amati ndi tensão, kapena BP monga amanenera abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pamapeto pake wodwalayo amamukweza panjinga yamoto kupita naye kuchipatala ku Ulónguè kapena ku Dómuè. Kumeneko amamupima, n'kumuuza kuti mtima sukupopa bwino, ndipo amabwerera kumudzi ndi mapiritsi okodzetsa ndi ena otsitsa BP.

Kwa odwala ambiri chithandizo chimenechi n'choyenera, ndipo amapezadi bwino. Koma alipo ena ochepa amene mankhwala otsitsa BP amawafooketseratu. Agogo amene zaka zonsezi BP yawo inali yokwera, lero yatsika yokha. Akati adzuke pampando amamva chizungulire, befu sakuleka, mimba ikudzaza madzi pamene manja ndi nkhope zikuwonda. Pakati pa odwala oterewa pali amene mtima wawo sunalobodoke ayi, koma unauma. Chimodzi mwa zinthu zimene zimaumitsa mtima chotero ndi amiloidi, ndipo m'zaka khumi zapitazi madokotala m'mayiko ambiri azindikira kuti nthendayi si yosowa monga ankaphunzitsidwira. Inkangobisala pansi pa dzina la matenda ena.

Chimene chimachitika mumtima

Pa kugunda kulikonse mtima umachita zinthu ziwiri. Umafinya kuti magazi atuluke, kenako umamasuka kuti ena alowe. Kufinyako tonse timakudziwa, koma kumasukako n'kofunika chimodzimodzi, pakuti mtima sungatulutse magazi amene sunalandire. Mnofu wa mtima wabwino uli ngati chikopa chofufutidwa bwino, chofewa moti mayi n'kuberekera mwana. Wa munthu wodwala amiloidi umasanduka chikopa cha chishango cha Angoni, chokhuthala, cholimba, chosapindika. Magazi akakanika kulowa amaunjikana m'mitsempha yobwerera kumtima, madzi ake n'kumachuchira m'mapapo, m'mimba ndi m'miyendo. Ndiye kubanika kuja munthu akagona chagada kapena akamakwera chitunda, ndiyenso kutupa kuja.

Amiloidi si kachilombo, ndipo sapatsirana. Ndi puloteni ya m'thupi mwathu momwemu imene yawonongeka maonekedwe. Puloteni iliyonse imayenera kupindika mwa njira yakeyake kuti igwire ntchito. Ikapindika molakwika imamatirirana ndi inzake, n'kupanga timaulusi tolimba timene thupi limalephera kutisungunula. Timaulusito timalowerera pakati pa maselo a mtima, chaka ndi chaka, mpaka makoma a mtima atakhuthala. Timasokonezanso njira za mphamvu imene imalamula kagundidwe ka mtima, motero ena mtima umagunda mosalongosoka, ena umagunda pang'onopang'ono mpaka kukomoka. Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany, ndiye anatchukitsa dzina la amiloidi mu 1854 atapeza zinthuzi m'matupi a anthu akufa. Lero akatswiri akudziwa mapuloteni oposa 30 amene angasanduke amiloidi, koma pafupifupi odwala onse a mtima amadwala chifukwa cha awiri okha. Kusiyanitsa awiriwa ndiye mutu wa nkhani yonse, chifukwa mankhwala a wina sathandiza mnzake.

Mtundu woyamba umatchedwa AL. Gwero lake lili m'mafuta a m'mafupa, mmene muli maselo opanga mapuloteni oteteza thupi ku matenda. Kagulu kena ka maselowa kamasokonekera, n'kuyamba kutulutsa tizidutswa ta puloteni tochuluka zedi. Nthendayi ndi yapachibale ndi khansa ya m'mafuta a m'mafupa yotchedwa myeloma. Tizidutswato sitingodzaza mumtima mokha, koma timawononganso maselo ake mwachindunji, ndipo timagwira impso, mitsempha, lilime ndi khungu. AL imathamanga. Munthu amene yamufikitsa polephera mtima, akapanda kulandira chithandizo, nthawi zambiri amakhala ndi moyo miyezi pafupifupi 6 yokha.

Mtundu wachiwiri, ATTR, umayenda pang'onopang'ono. Chiwindi chimapanga puloteni yotchedwa transthyretin, imene imanyamula vitamini A ndi timadzi ta m'chithokomiro m'magazi. Puloteniyi ili ndi zigawo zinayi zogwirana. Munthu akamakalamba, mwa ena zigawozi zimayamba kulekana, ndipo chigawo chimene chatsala chokha n'chimene chimapindika molakwika. Zimachitika kwambiri mwa amuna opitirira zaka 70, ngakhale amayi nawonso amadwala. Ku Finland, kafukufuku wofalitsidwa mu 2008 anapeza amiloidi wotere m'mtima mwa munthu mmodzi pa anayi alionse amene anamwalira atapitirira zaka 85. Ku Spain mu 2015, pakati pa odwala a zaka 60 kupita m'tsogolo amene anagonekedwa ndi mtima wokhuthala koma wofinyabe bwino, 13 pa 100 alionse anapezeka ndi ATTR. Wodwala wosalandira mankhwala olimbana ndi gwero lake amakhala zaka pakati pa 2 ndi 4 kuchokera pamene nthendayi yadziwika.

ATTR ina ndi yakumtundu, ndipo mbiri yake imatikhudza mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya ku Portugal. Mu 1939 dokotala Corino de Andrade wa mumzinda wa Porto anaona mayi wina wochokera kudera la asodzi la Póvoa de Varzim ali ndi nthenda imene anthu akumeneko ankaitcha doença dos pezinhos: mapazi kuchita dzanzi, miyendo kufooka, kutsegula m'mimba, kuwonda, kenako imfa. Anatsatira mabanja ambiri, ndipo mu 1952 anafalitsa zimene anapeza. Ntchito yake inasonyeza kuti amiloidi angayende m'banja kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana.

Mbali yachiwiri ndi ya Africa mwenimweni. Pali kusintha kwina kwakung'ono mu DNA kotchedwa V122I, kumene kumachititsa kuti transthyretin isachedwe kuphwasuka. Anthu akuda a ku America 3 kapena 4 pa 100 alionse anabadwa nako, ndipo makolo awo anachoka nako kuno ku Africa m'nthawi ya ukapolo. Kumapezeka kwambiri kumadzulo kwa Africa, monga ku Ghana, Guinea ndi Nigeria, koma kuliponso m'zigawo zina za Africa pa mlingo wocheperapo. Mtundu umenewu umagwira mtima makamaka, munthu akadutsa zaka 60. Mwana wa munthu amene ali nako ali ndi mwayi theka woti atengere, koma si onse otengera amene amadzadwala. Pachipatala cha St George's ku London, madokotala atayamba kufufuza mosamala odwala mtima a makolo ochokera ku Africa ndi kuzilumba za Caribbean, anapeza kuti pafupifupi mmodzi pa 10 alionse anali ndi amiloidi. Ambiri mwa odwala otere poyamba amauzidwa kuti vuto lawo ndi BP basi, popeza munthu wakuda wa mtima wokhuthala aliyense amamuganizira BP. Zimandiwawa kuti nthenda imene muzu wake uli m'magazi a anthu a ku Africa yafufuzidwa kwambiri ku New York, Boston ndi London kuposa kwawo kwenikweni.

Pali mtundu wachitatu, AA, umene umabwera munthu akakhala zaka zambiri ndi matenda otukusira thupi monga chifuwa chachikulu, khate, zilonda za m'mafupa kapena nyamakazi yoopsa. Kwathu kuno kumene TB ili ponseponse, mtundu umenewu suyenera kuiwalika, koma umakonda impso. Mtima umaugwira mwa apo ndi apo.

Matenda ofanana nayo

Tisanamizane: mwa anthu otupa miyendo amene amafika kuchipatala ku Angónia, ambiri alibe amiloidi. Kafukufuku wa THESUS-HF, amene anatsogoleredwa ndi Pulofesa Albertino Damasceno wa ku Yunivesite ya Eduardo Mondlane ndipo anafalitsidwa mu 2012, anatsata odwala 1,006 olephera mtima m'mayiko 9 a mu Africa. Pafupifupi 45 pa 100 alionse vuto lawo linali BP. Ena mtima unali utakula n'kulobodoka, ena zitseko za mumtima zinali zitawonongeka ndi nthenda ija imene imayamba ndi zilonda zapakhosi paubwana. Zaka zawo pa avareji zinali 52 zokha. Ku Mozambique kuno, kafukufuku wa dziko lonse wa 2014 ndi 2015 anapeza kuti anthu 39 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera.

Ndipo ngakhale pakati pa mitima youma, amiloidi ali ndi anzake awiri amene kuno ndi odziwika kwambiri. Woyamba ndi TB ya kathumba kokuta mtima. Kathumbako kakatupa n'kupola kamakhuthala, n'kumapanikiza mtima kuchokera kunja. Wachiwiri ndi nthenda ya endomyocardial fibrosis, imene imayala chipsera mkati mwa zipinda za mtima. Dokotala Ana Olga Mocumbi ndi anzake anapita ndi makina ounikira mtima m'midzi ya boma la Inharrime, m'chigawo cha Inhambane, ndipo mu 2008 analengeza kuti mwa anthu 1,063 amene anawaunika, pafupifupi mmodzi pa asanu alionse anali ndi zizindikiro za nthendayi. Imeneyi imakonda ana ndi achinyamata, pamene amiloidi amakonda achikulire, koma kutupa kwake ndi befu wake n'zofanana. Phunziro la ku Inharrime n'lakuti nthenda imene imaoneka yosowa m'mabuku a chipatala ingakhale ili yambiri m'midzi, kungoti palibe anapita kukaiyang'ana.

Zimene zimaulula amiloidi

Mwayi umene tili nawo n'ngwakuti kukayikira amiloidi sikulira makina. Kumalira kufunsa bwino ndi kumvetsera. Odwala ATTR ambiri amayamba ndi dzanzi m'manja onse awiri, m'chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, makamaka usiku, zaka zisanu kapena khumi mtima usanayambe kuvuta. Amiloidi amakhala atayamba kuunjikana pamfundo ya dzanja n'kupanikiza mtsempha. Munthu amene wagwira khasu moyo wake wonse m'minda ya kachewere ndi nyemba angathe kumva dzanzi lotere pa zifukwa zina, n'chifukwa chake palokha silinena kanthu. Koma likakumana ndi kutupa miyendo mwa munthu wa zaka 65, liyenera kudzutsa dokotala. Zina ndi msana wopweteka umene umalefula miyendo munthu akayenda pang'ono, mtsempha wa pamkono woduka wokha mnofu n'kukhala chotupa, ndi mapazi otentha kapena adzanzi mwa munthu wopanda shuga.

AL ili ndi zizindikiro zakezake. Mkodzo umachita thovu chifukwa impso zikutaya puloteni. Lilime limakula mpaka mano kusiya zidindo m'mbali mwake. Khungu lozungulira maso limatuluka mabala a magazi popanda womenya. Si odwala onse amene amaonetsa izi, koma zikaoneka, nthawi yodikira palibe.

Chizindikiro chimene ndimachiona chofunika koposa kwa ife ndi BP yotsika yokha. Banja limasangalala kuti agogo achira tensão, pamene chenicheni n'chakuti mtima walephera kukankha magazi okwanira.

Pambuyo pa mafunso pamabwera ECG, pepala lija lojambula mphamvu ya kagundidwe ka mtima, ndi eko, makina ounikira mtima ofanana ndi amene amaunikira amayi oyembekezera. Khoma la mtima wabwino silipitirira mamilimita 11. Likafika 12 kapena kuposa, dokotala amafunsa chifukwa. Ngati lakhuthala chifukwa cha BP, chimene chakula ndi mnofu weniweni, ndipo mizere ya pa ECG imatalika. Ngati lakhuthala ndi amiloidi, mizereyo imakhala yaifupi poyerekeza ndi kukhuthalako, pakuti chadzazamo si mnofu. Kusagwirizana kwa mayeso awiriwa ndiko kumaulula nthendayi, ngakhale kuti si odwala onse amene ECG yawo imaonetsa zimenezi. Eko imathandizanso kuona ngati vuto lili m'zitseko, m'kathumba kokuta mtima kapena mkati mwa zipinda.

Kukayikira kukakula, choyamba kufufuza ndi AL, chifukwa ndiyo imapha msanga. Amatenga magazi ndi mkodzo n'kufunamo tizidutswa tija tochokera m'mafuta a m'mafupa. Mayesowa amafuna labotale yaikulu, koma wodwala safunika kuyenda yekha: magazi angathe kutumizidwa. Tizidutswato tikapezeka, pamafunika kudula kanyama kakang'ono, kawirikawiri ka mafuta a pamimba, n'kukapaka utoto wotchedwa Congo red. Pa maikulosikopu ya kuwala kwapadera, amiloidi amaoneka obiriwira. Njirayi yakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1920, utoto wake si wodula, ndipo malabotale oyeza tinyama alipo pazipatala zazikulu za Maputo ndi Beira, komanso pa Kamuzu Central ku Lilongwe, pamene labotale yotere inatsegulidwa mu 2011. Mafuta a pamimba amagwira AL mwa odwala ambiri, koma ATTR ya ukalamba amaiphonya kawirikawiri, ndiye yankho lakuti "palibe" silitseka nkhani.

Kwa ATTR zinthu zinasintha mu 2016, pamene Julian Gillmore wa ku National Amyloidosis Centre ku London ndi anzake a m'mayiko angapo anasonyeza kuti nthendayi ingatsimikizidwe popanda kudula mtima. Wodwala amabayidwa mankhwala okhala ndi technetium, omwe amagwiritsidwa ntchito pojambula mafupa. Mtima wabwino suwamwa, koma mtima wa ATTR umawamwa n'kuwala pachithunzi. Ukawala kwambiri, ndipo magazi ndi mkodzo zasonyeza kuti AL palibe, nthendayo ndi ATTR. Mayeso a magazi aja sayenera kudumphidwa, chifukwa AL nayo nthawi zina imawalitsa mtima, ndipo kulakwitsa pamenepa kungataye moyo. Pomaliza amayeza DNA kuti adziwe ngati ili yakumtundu. Vuto la njirayi ndi mtunda. Mphamvu ya technetium imatsika ndi theka pa maola 6 alionse, motero imafuna chipatala chokhala ndi chipinda chapadera ndi ndege zobweretsa zipangizo sabata ndi sabata. Gwero lake limapangidwa ku Pelindaba, pafupi ndi Pretoria, n'kumagulitsidwa m'mayiko ambiri a kutali, pamene mlimi wa ku Dómuè, woyandikana nako, sangalote n'komwe kukafika pamakina otere popanda kugulitsa ng'ombe zonse za m'khola.

Chithandizo chimene chilipo

Apa wina anganene kuti nanga kudziwa kuli ndi phindu lanji ngati mankhwala ake sitingawapeze? Funsoli ndi lachilungamo, ndipo yankho langa n'lakuti phindu lilipo, loyamba n'kusiya kumuvulaza wodwala.

Mtima wouma umatulutsa magazi ochepa pa kugunda kulikonse, ndipo sungawonjezere. Umadalira kugunda mofulumirako kuti thupi lilandire magazi okwanira. Mankhwala ochepetsa liwiro la mtima monga carvedilol, amene amapulumutsa odwala a mtima wolobodoka, kwa wodwala amiloidi kawirikawiri amangowonjezera kufooka. Enalapril ndi captopril angagwetse BP mpaka munthu kukomoka. Verapamil ndi diltiazem amapewedwa. Digoxin, yemwe ndi wofala m'zipatala zathu, amakakamira ku timaulusi ta amiloidi ndipo angasanduke poizoni ngakhale pa mlingo wamasiku onse. Izi sindikulembera kuti munthu asiye yekha mankhwala amene anapatsidwa. Mankhwala omwewa ndiwo akusunga moyo wa odwala ambiri a BP, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa. Wosintha ndi dokotala, koma dokotala angasinthe pokhapokha ganizo la amiloidi litamufikira.

Chimene chimathandiza ndi kuchotsa madzi mosamala ndi furosemide, nthawi zambiri pamodzi ndi spironolactone. Malire ake ndi opapatiza: madzi akachuluka munthu amabanika, akachotsedwa mopitirira BP imagwa ndipo impso zimavutika. N'chifukwa chake wodwala amafunika kukwera pasikelo pafupipafupi. Mchere uyenera kuchepa kwambiri, ndipo kuno mchere subwera ndi supuni yokha. Uli mu nsomba zouma za chicoa zochokera ku Cahora Bassa, mu kaludo amene ambiri sathanso kuphika popanda iye, ndi mu soda wa m'therere. Mapiritsi a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene anthu amagula pamsika chifukwa cha msana ndi mawondo, amasunga madzi m'thupi ndi kuwononga impso. Wodwala amene mtima wake wayamba kugunda mosalongosoka amafunika mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, chifukwa mumtima wa amiloidi magazi sachedwa kupanga mibulu imene imakatseka mitsempha ya muubongo, munthu n'kufa ziwalo.

Phindu lachiwiri n'lakuti AL ili ndi mankhwala amene sali kutali monga ambiri amaganizira. Cholinga n'kupha kagulu ka maselo osokonekera aja, ndipo amagwiritsa ntchito mankhwala a khansa ya myeloma: cyclophosphamide, bortezomib ndi dexamethasone, kapena melphalan. Onsewa ali pamndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe la WHO. Mu 2021 kafukufuku wa ANDROMEDA, wa odwala 388, anasonyeza kuti kuwonjezerapo daratumumab kumachititsa kuti tizidutswa tija tizimiririke m'magazi mwa odwala 53 pa 100, poyerekeza ndi 18 pa 100 popanda iye. Daratumumab ndi wodula, koma ngakhale mankhwala akale aja amatalikitsa moyo akayambidwa mtima usanawonongeke kwambiri. Kuchedwa kwa miyezi iwiri kapena itatu, kumene kwa ife ndi nthawi yongosonkhetsa ndalama ya chapa, pa nthendayi kumasiyanitsa moyo ndi imfa.

Kwa ATTR, mpaka posachedwapa kunalibe mankhwala olimbana ndi gwero kupatula kuika chiwindi china kwa odwala yakumtundu, kumene kunayamba ku Sweden mu 1990. Kenako kunabwera tafamidis, wochokera ku ntchito ya Jeffery Kelly wa ku Scripps Research ku California. Mankhwalawa amagwira zigawo zinayi zija kuti zisalekane. Mu kafukufuku wa ATTR-ACT, wofalitsidwa mu 2018, odwala 441 anatsatidwa miyezi 30. Mwa amene ankamwa tafamidis anamwalira 29.5 pa 100, pamene mwa amene sankamwa anamwalira 42.9 pa 100. Boma la America linavomereza mankhwalawa mu 2019. Mu November 2024 linavomereza acoramidis, wogwira ntchito mofanana, ndipo mu March 2025 linavomereza kwa odwala mtima vutrisiran, jakisoni wobayidwa kamodzi pa miyezi itatu amene amaletsa chiwindi kupanga puloteniyo. Mankhwala onsewa amachedwetsa nthenda, sachotsa amiloidi amene anaunjikana kale, ndipo amathandiza kwambiri amene apezeka msanga. Ofufuza akuyesanso njira yosintha DNA ya m'chiwindi kamodzi kokha, ndi mankhwala ena ofuna kukokolola amiloidi mumtima.

Mtengo ndiwo mpanda. Tafamidis anayamba kugulitsidwa ku America pa madola 225,000 pa chaka kwa munthu mmodzi, pamene chuma cha Mozambique chikagawidwa kwa nzika iliyonse sichifika madola 1,000 pa chaka. Ngakhale akatswiri a mtima a ku America komweko anadandaula poyera kuti mtengowu ndi wopitirira. Koma ife a m'chigawo cha Tete tili ndi chifukwa chosataya mtima. Cha m'ma 2000 ma ARV ankagula madola oposa 10,000 pa chaka, ndipo anthu ophunzira ankanena kuti ku Africa n'zosatheka. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inawatsitsa kufika pa madola 350, ndipo lero safika n'komwe madola 100. Kuno ku Tete n'kumene mu 2008 kunayambira magulu a GAAC, a odwala amene amasinthana kukatengerana mankhwala kuchipatala, njira imene inafalikira dziko lonse ndi mayiko ena. Mitengo ija inagwa chifukwa odwala anali atawerengedwa, akudziwika, ndipo anali ndi owalankhulira. Odwala amiloidi a kuno sanawerengedwe. Akamwalira, m'kaundula mumalembedwa kuti mtima kapena tensão, ndipo palibe kampani kapena boma limene lingakambirane mtengo wa mankhwala a nthenda imene pamapepala kulibe.

Phindu lina ndi la pamudzi. Banja likauzidwa dzina la nthenda ndi mmene idzayendere, limaleka kutha mbuzi ndi matumba a chimanga poyendayenda, ndipo mkazi kapena mpongozi amene amalozedwa chala amapeza mtendere. Ngati ili yakumtundu, ana ndi abale amadziwa kuti akamayandikira zaka 50 kapena 60 ayenera kuunikitsa mtima.

Sindikupempha kuti ku Ulónguè kumangidwe chipinda cha technetium. Ndalama zochepa zimene zilipo ziyenera kupita poyamba ku BP, TB ndi zilonda zapakhosi za ana. Chimene ndikupempha chimathandiza matenda onsewa nthawi imodzi: ECG yogwira ntchito, eko yonyamula m'manja, ndi namwino kapena dokotala wophunzitsidwa kuziwerenga pachipatala cha boma lililonse. Njira imeneyi ili kale ndi dzina, PEN-Plus. Inayesedwa ku Rwanda ndi ku Neno m'dziko la Malawi, nduna za zaumoyo za mu Africa zinaivomereza ku Lomé mu August 2022, ndipo ku Mozambique inayambira ku Nhamatanda m'chigawo cha Sofala. Angónia, boma la anthu oposa 400,000 lomwe lili pa mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera kuchipatala chachikulu cha ku Tete, ndi malo oyenera kuti njirayi ifikeko. Pafunikenso dongosolo lotumizira magazi kumalabotale aakulu, ndi mgwirizano womveka pakati pa zipatala za mbali ziwiri za malire, pakuti odwala athu ambiri amawolokera kale pa Calómuè kukafuna thandizo ku Dedza, ku Nkhoma ndi ku Lilongwe, ndipo mapepala awo satsatana. Ophunzira za udokotala ku UniZambeze mumzinda wa Tete angathe kuyamba ndi ntchito yosalira zambiri: kulemba m'buku wodwala aliyense wopitirira zaka 60 amene khoma la mtima wake lakhuthala koma BP yake ndi yotsika.

Inu amene mukusamala bambo, mayi kapena agogo otupa miyendo, mukapita kuchipatala tengani mapiritsi onse amene akumwa, ngakhale ogula pamsika ndi a zitsamba. Musangonena za kutupa kokha. Nenani ngati manja akhala akuchita dzanzi, ngati BP inatsika yokha, ngati amagwa akadzuka, ndiponso ngati m'banjamo alipo ena amene anamwalira ndi mtima atakula. Funsani ngati n'kotheka kujambula ECG ndi kuunika mtima pa eko. Ngati mkodzo ukuchita thovu, lilime lakula kapena m'maso mwatuluka mabala a magazi, pemphani kalata yotumizira kuchipatala chachikulu sabata yomweyo, osadikira kuti kachewere agulitsidwe kaye.